Mwasiyana chikhulupiriro ndi amene anakulerani mu uzimu: njira zinayi ndi mtengo wake

Ambiri mwa anthu amene lero amapemphera m'mipingo ya Chipentekoste ali ndi munthu amene anawatsegulira Baibulo koyamba, kuwaphunzitsa kupemphera ndi kuwadzudzula akalakwa. Mwina anali m'busa, mkulu wa mpingo, kapena mtsogoleri wa gulu la mapemphero kusukulu. Zaka zikamapita njira zimasiyana. Wina walandira ubatizo wa Mzimu Woyera ndipo akulankhula malilime, pamene aphunzitsi ake aja amakhulupirira kuti zimenezi zinatha ndi atumwi. Wina ndi wa Chipentekoste ngati aphunzitsi ake omwe, koma mtima wake wayamba kukana zobzala mbewu, kutanthauza kupereka ndalama kwa mtumiki poyembekeza madalitso, ndi zoti asanachite chilichonse ayambe wafunsa bambo wauzimu. Onse awiriwa akufunsa chimodzimodzi: zimene anandiphunzitsa zija ndizitani nazo, nanga iwo eni ake ndikhale nawo bwanji?

Njira zilipo zinayi. Ndinene pachiyambi pomwe pano kuti ine ndimakondera yachitatu, ngakhale pali anthu amene ingawapweteke.

Poyezera

Musanasankhe njira, yambani mwayeza kulemera kwa nkhani imene mwasiyanapo. Ambiri amalumpha pamenepa, n'kusankha molingana ndi kuwawa kwa mawu amene ananenedwa tsiku lomwe anakangana.

Pali nkhani za maziko: Mulungu ndi ndani, Yesu ndi ndani, munthu amapulumuka bwanji. Izi zimagawa anthu ngakhale m'Chipentekoste momwe. Mpingo wa Assemblies of God unakhazikitsidwa mu 1914 ku Hot Springs, ku Arkansas m'dziko la America, ndipo pofika 1916 abusa opitirira 150 anatulukamo chifukwa ankakana chiphunzitso cha Utatu Woyera ndi kunena kuti ubatizo uzichitika m'dzina la Yesu lokha. Onsewo ankalankhula malilime, koma malilime sanathe kuwagwirizanitsa.

Pali nkhani zosiyanitsa mipingo koma zosapha ubale wa m'Khristu: ngati mphatso za uneneri ndi machiritso zikugwirabe ntchito, ngati malilime ndiwo umboni woyamba wa ubatizo wa Mzimu, ngati makanda abatizidwe. Apa aliyense ali ndi ndime zake. Aphunzitsi anu akatsegula 1 Akorinto 13:8-10 ponena kuti malilime adzaleka, inu mutsegula 1 Akorinto 14:39 pomwe Paulo akuletsa kukaniza anthu kulankhula malilime, iwo n'kukubwezerani ku 12:30 pomwe Paulo yemweyo akufunsa ngati onse amalankhula malilime. Kenako pali nkhani za kachitidwe chabe, monga phokoso popemphera, kavalidwe, zoimbira ndi kutalika kwa mapemphero. Zimenezi zimapsetsa mtima kwambiri koma n'zopepuka.

Pomaliza pali nkhani imene imabisala m'chiphunzitso koma kwenikweni ndi ya ulamuliro: ndani ali ndi mawu omaliza pa ukwati wanu, ndalama zanu ndi thanzi lanu. Imeneyi muyiike payokha, chifukwa ndiyo imasintha yankho lonse.

Njira iliyonse tiyiyeza pa zinthu zinayi. Mtengo wake, kutanthauza zimene mutaye, kaya ndi ubale, nthawi, mtendere kapena ndalama. Kupezeka kwake, kutanthauza ngati ndi yotheka kwa inu mmene zinthu zilili. Ntchito yoisamalira mwezi ndi mwezi. Ndi zoopsa zake.

Njira yoyamba: kugwiritsabe zonse za aphunzitsi akale

Apa mukupemphera ku Chipentekoste, kapena mtima wanu uli kumeneko, koma pa chiphunzitso mwasankha kuti zimene ananena iwo zikhale momwemo.

*Mtengo wake.* Pamaso pa anthu ndi yotchipa kuposa zonse. Palibe mkangano, palibe wokunenani kuti ndinu wosayamika. Mtengo umalipiridwa mkati. Munthu amene amapemphera m'malilime kuchipinda kwake koma pagulu amavomereza kuti mphatsoyo inatha amakhala akubisa theka la moyo wake wauzimu, ndipo kubisa kotere kumatopetsa.

*Kupezeka kwake.* Imatheka ngati aphunzitsiwo ali moyo ndipo mumaonana. Ngati anamwalira kapena munatayana kalekale, chimene mukugwiritsa ndi zimene mukukumbukira za iwo, ndipo kukumbukira kumasankha. Mwina iwo eni ake anasintha maganizo pa zinthu zina inu osadziwa.

*Kusamalira.* Yochepa, bola pasabwere funso latsopano limene iwo sanaliyankhepo.

*Zoopsa.* Chikhulupiriro chobwereka sichilimba mwini wake akagwa. Aphunzitsi akapezeka m'chigololo kapena m'nkhani ya ndalama za mpingo, ophunzira amene analibe maziko awoawo amagwera limodzi. Komabe njirayi musaiseke. Akale anati mawu a akuluakulu akoma akagonera, ndipo munthu amene wangotembenuka kumene, amene sanawerengepo ngakhale kalata imodzi ya Paulo kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, amachita bwino kudekha asanatsutse munthu amene wakhala m'Malemba zaka makumi atatu.

Njira yachiwiri: kudula zonse

Kusiya chiphunzitso, kusiya ubale, kufufuta nambala ya foni.

*Mtengo wake.* Ndi wokwera, ndipo umabwera nthawi imodzi. Simutaya munthu mmodzi yekha. Mumataya anzanu amene munakulira nawo pansi pa aphunzitsiwo, nthawi zina ndi achibale omwe. Mumatayanso munthu amene amakudziwani kuyambira musanakhale ndi udindo uliwonse, yemwe angakuuzeni zoona osaopa kuti muchoka mumpingo wake, popeza munachoka kale.

*Kupezeka kwake.* Ilipo nthawi zonse, n'chifukwa chake ambiri amathamangira kwa iyo. M'mipingo ina imalimbikitsidwanso paguwa: mudzamva kuti kumene munachokera kunali kouma, kunali chipembedzo chopanda mphamvu, kapena kuti muyenera kudula zomangira zakale. Mvetserani bwino amene akulankhula zimenezi ndi chimene apindule inu mukatsala opanda wina wokulangizani.

*Kusamalira.* Anthu amaganiza kuti ukadula wathana nazo. Zoona zake n'zakuti mkwiyo umafuna kudyetsedwa. Mudzapezeka kuti umboni wanu uliwonse ukuyamba ndi kunyoza kumene munachokera, ndipo patapita zaka mukutsutsanabe mumtima ndi munthu amene mwina anakuiwalani.

*Zoopsa.* Chachikulu ndi kutaya zabwino pamodzi ndi zoipa. Amene anachokera kwa mphunzitsi wokonda Malemba koma wokana mphatso amatha kuyamba kuona kuphunzira Baibulo mwadongosolo ngati kuzimitsa Mzimu, n'kumalandira uneneri uliwonse osauyesa. Amene anachokera kwa mneneri wadyera amatha kukana machiritso ndi pemphero lomwe. Ngakhale zili choncho, pali pomwe njirayi ndiyo yokha yoyenera, ndipo ndifikapo kumapeto. Tizikumbukiranso kuti kusiyana sikutseka khomo mpaka kalekale. Paulo ndi Barnaba anakangana koopsa pa nkhani ya Marko mpaka aliyense anatenga njira yake (Machitidwe 15:36-40), koma mu 2 Timoteo 4:11 Paulo akupempha kuti Marko yemweyo abwere chifukwa ndi wothandiza pa utumiki.

Njira yachitatu: kupeta

Kutenga chiphunzitso chilichonse pachokha, kuchiyesa ndi Malemba, kusunga maso ndi kutaya mankhusu, uku ulemu kwa munthuyo ukupitirira. Ndi zimene anthu a ku Bereya ankachita ndi ulaliki wa Paulo mwini wake (Machitidwe 17:11), ndipo 1 Atesalonika 5:19-21 imaika zonse pamodzi: osazima Mzimu, osanyoza uneneri, koma kuyesa zonse ndi kugwira chabwino.

Chipentekoste chenichenicho chinayamba ndi wophunzira amene anapeta za mphunzitsi wake. Charles Parham anali ndi sukulu ya Baibulo ku Topeka, ku Kansas, komwe pa 1 Januwale 1901 mmodzi mwa ophunzira, Agnes Ozman, analankhula malilime. Parham ndiye anaphunzitsa kuti malilime ndiwo umboni wa m'Baibulo wa ubatizo wa Mzimu. Atatsegula sukulu ina ku Houston, kunabwera mlaliki wakuda, William Seymour, mwana wa anthu amene anali akapolo. Chifukwa cha malamulo a tsankho a nthawi imeneyo, Seymour sankaloledwa kukhala m'kalasi pamodzi ndi azungu, ankamvetsera ali kunja kwa chitseko. Chiphunzitsocho anachitenga, napita nacho ku Los Angeles, ndipo mu Epulo 1906 chitsitsimutso chinabuka, chomwe chinakhazikika pa 312 Azusa Street. Kumeneko akuda ndi azungu ankagwada pamodzi. Parham atafika mu Okutobala chaka chomwecho ananyansidwa ndi zimene anaona, kusakanikirana kwa mitundu ndi mapempheredwe omwe, ndipo anadzudzula poyera. Anthu a ku Azusa sanamulole kulanda utsogoleri. Seymour anasunga chikhulupiriro cha ubatizo wa Mzimu, anakana tsankho, ndipo m'zaka zotsatira ankatsindika kwambiri chikondi ndi zipatso za Mzimu monga chizindikiro chenicheni, popeza anaona anthu olankhula malilime koma odana ndi abale awo.

Pali china cha Parham chimene chinagwa chokha chitayesedwa. Iye ankakhulupirira kuti malilime ndi zinenero zenizeni za mayiko ena, zoti amishonale azilalikira nazo osaphunzira. Mmishonale Alfred Garr anapita ku Calcutta, ku India, akuyembekeza kulalikira m'Chibengali, koma anthu a kumeneko sanamumve. Apentekoste sanataye malilime chifukwa cha ichi. Anasintha kamvedwe kawo, n'kuyamba kuwaona makamaka ngati chinenero cha pemphero, ndipo amishonale anayamba kuphunzira zinenero ngati wina aliyense.

*Mtengo wake.* Nthawi ndi kusowa mbali. Aphunzitsi akale adzati mwasochera, anzanu atsopano adzati simunamasuke. Mudzafunikanso kuwerenga mabuku a anthu amene simugwirizana nawo, ndi kuvomereza pomwe akunena zoona.

*Kupezeka kwake.* Kupeta chiphunzitso kumatheka kwa aliyense amene ali ndi Baibulo ndi anzake awiri kapena atatu owerenga nawo. Kusunga ubale ndiye kumafuna anthu awiri. Seymour anaitana Parham ndi mtima wofuna kuti adzathandize, koma ubale unatha chifukwa winayo sanalole wophunzira wake kukula. Ndipo Seymour yemweyo mu 1911 anatsekera kunja kwa kachisi wa ku Azusa mlaliki William Durham, amene analandira ubatizo wa Mzimu ku Azusa komweko, atasiyana pa chiphunzitso cha chiyeretso. Amene anapetapo za ena sakondwa akamapetedwa.

*Kusamalira.* Iyi ndi njira yolemetsa kuposa zonse. Lembani mitu imene mwasiyanapo, umodzi umodzi: malilime, machiritso, chakhumi, uneneri, udindo wa amayi, masiku otsiriza. Pa mutu uliwonse lembani zimene iwo ankaphunzitsa m'mawu amene iwo eni angavomereze kuti ndi awo, osati m'mawu owaseka. Kenako werengani chaputala chonse, osati ndime imodzi. Pa machiritso, mwachitsanzo, muwerenga Yakobo 5:14-15 yonena zoitana akulu a mpingo kuti apemphere ndi kudzoza wodwala mafuta, koma muwerenganso kuti Paulo anasiya Trofimo akudwala ku Mileto (2 Timoteo 4:20) ndi kuti iye mwini anapempha katatu kuti munga wa m'thupi mwake uchoke koma sunachoke (2 Akorinto 12:7-9). Mukatero mupeza kuti aphunzitsi okana machiritso analakwa, komanso kuti mlaliki wonena kuti wosachira aliyense alibe chikhulupiriro walakwanso. Ntchitoyi siitha chaka chimodzi.

Mukamakumana nawo, kachitidwe ka Prisila ndi Akwila n'kothandiza. Atamva Apolo akulalikira mwamphamvu koma akudziwa ubatizo wa Yohane wokha, anamutengera pambali n'kumufotokozera (Machitidwe 18:24-26). Munthu amene anakulerani samutsutsira pa Facebook.

*Zoopsa.* Kupeta kumasanduka kusankha zokoma zokha. Munthu amasunga malonjezo, n'kutaya zonse zimene aphunzitsi ankanena za kulapa, kubweza ngongole ndi kukhululuka, ati chifukwa zinali za chilamulo. Njira yodziyesera ndi iyi: pa zimene mwasunga, chilipo chimene chimakuvutani kuchita? Ngati palibe, simunapete. Choopsa china ndi kudzikuza, kuyamba kudziona ngati woweruza wa onse, wosakhala pansi pa mpingo uliwonse.

Njira yachinayi: kupeza mlangizi wina m'Chipentekoste

Ambiri amachita izi osazindikira kuti asankha. Achoka pansi pa uyu Lamlungu lino, Lamlungu linalo ali kale ndi bambo wauzimu watsopano.

*Mtengo wake.* Kwa mlangizi wabwino ndi nthawi ndi kumvera basi. Kwa ena pamakhala ndalama: mbewu, zopereka za mneneri, mafuta ndi madzi odzozedwa, ndi malipiro oti muonane naye pamaso. Msonkhano wa Lausanne womwe unachitikira ku Cape Town mu 2010, womwe unasonkhanitsa atsogoleri a mipingo ya uthenga wabwino ochokera m'mayiko ambiri, unavomereza mphamvu ya Mzimu yochita zozizwa koma unakana poyera chiphunzitso chakuti madalitso a Mulungu amagulidwa kapena kuti chuma ndicho chizindikiro cha chikhulupiriro. Nkhani ya Simoni wamatsenga pa Machitidwe 8:18-20 inanena kale zomwezo mwaukali.

*Kupezeka kwake.* Odzipereka kukhala bambo wanu ndi ambiri, pa wailesi yakanema ndi pa intaneti pomwe. Osowa ndi amene angakudziweni dzina, kudziwa banja lanu, ndi kukuyankhani mukafunsa funso lovuta. Mlaliki amene mumangomuonera pa foni angakuphunzitseni zina, koma sangakuleleni.

*Kusamalira.* Yapakatikati. Kukumana kawirikawiri, kunena zoona za moyo wanu, ndi kuonetsetsa kuti malire sakusuntha pang'onopang'ono.

*Zoopsa.* Apa mbiri ili ndi chenjezo lomveka. M'zaka za m'ma 1970 aphunzitsi asanu a ku Fort Lauderdale, ku Florida, omwe ndi Derek Prince, Bob Mumford, Charles Simpson, Don Basham ndi Ern Baxter, anaphunzitsa kuti wokhulupirira aliyense akhale pansi pa m'busa wakewake womuyang'anira. Cholinga chinali chabwino, kuthandiza anthu ambirimbiri amene anadzazidwa ndi Mzimu koma analibe wowalera. Mapeto ake, m'magulu ambiri anthu ankapempha chilolezo pa ukwati, ntchito ndi kusamuka, ndipo wokana ankatchedwa wopanduka. Prince anadzipatula mu 1983, ndipo mu 1989 Mumford anapepesa poyera. Awa sanali anthu achinyengo, ndiye pamene pali phunziro: dongosolo loika munthu mmodzi pakati pa inu ndi Mulungu limawononga ngakhale likayendetsedwa ndi anthu abwino. Choncho funsani musanadzipereke. Mlangiziyu amayankha kwa ndani? Ndalama za utumiki wake amaziona ndani? Amene anachoka pansi pake amawanena bwanji? Uneneri wake ukalephera amavomereza? Paulo analamula kuti aneneri akalankhula ena aziyesa zonenedwazo (1 Akorinto 14:29), ndipo amene amayankha funso lililonse ndi mawu oti musakhudze wodzozedwa wa Mulungu wakuuzani kale mmene adzakuchitireni.

Njira iti kwa ndani

Ngati mwangolowa kumene m'Chipentekoste ndipo aphunzitsi anu akale ndi munthu woopa Mulungu amene mwasiyana naye pa kachitidwe kokha, khalani pa njira yoyamba kwa kanthawi uku mukuwerenga. Phokoso la mapemphero si chifukwa chotayira munthu amene anakuphunzitsani kukhululuka.

Ngati mwasiyana pa malilime, uneneri kapena machiritso, ndipo iwo amatha kumva maganizo ena osakutembererani, njira yachitatu ndi yanu. Muwauze nokha, pamaso, asanamve kwa ena. Anthu otere nthawi zambiri amakhala ndi chimene mipingo yotentha imasowa: kuwerenga Malemba motsatana, kupirira pemphero likachedwa kuyankhidwa, ndi kusamala ndalama za mpingo. Musachoke osatenga zimenezo.

Ngati mwasiyana pa maziko, monga Utatu, umulungu wa Yesu kapena chipulumutso mwa chisomo, sangakhalenso mphunzitsi wanu. Ulemu, moni ndi kuwayendera akadwala zipitirire, koma chiphunzitso mukachipeze kwina, kudzera m'njira yachinayi, ndipo musankhe mlangizi amene ali mumpingo wokhala ndi chikhulupiriro cholembedwa ndi akulu oti angamudzudzule.

Ngati aphunzitsi anu anamwalira, kapena anakana okha kukuonani, petani zimene anakusiyirani pamodzi ndi gulu laling'ono la owerenga nawo, ndipo musathamangire kudzaza mpando wawo. Munthu amene akulira kapena wakanidwa amakopeka msanga ndi aliyense womutcha mwana wanga.

Ndipo ngati anakuuzani kuti musiye mankhwala a kuchipatala posonyeza chikhulupiriro, ngati amakuopsezani ndi matemberero mukafuna kuchoka, ngati amafuna thupi lanu kapena ndalama zimene mulibe, kapena amakulekanitsani ndi banja lanu, tengani njira yachiwiri lero lomwe, osadikira kukambirana ndime. Mankhwala mupitirize kumwa ndipo mubwerere kwa dokotala. Uzani munthu mmodzi wodalirika amene sali m'gulu lawo. Ngati panachitika nkhanza kapena kuba, imeneyo ndi nkhani ya apolisi, osati ya akulu a mpingo okha. Kupeta zimene anakuphunzitsani mudzachita pambuyo pake, muli kutali ndi iwo, ndipo pasanathe miyezi ingapo musalonjeze kumvera munthu wina aliyense.